Zimbale zimene zimatsala nafe anthu akabalalika pamaliro

Maliro a mu Lilongwe masiku ano sakhalitsa. Munthu akatisiya Lachiwiri, thupi limagona ku mochale, anthu amachezera pakhomo usiku umodzi kapena uwiri, ndipo pofika Lachinayi madzulo adzukulu amakhala atakwirira kale ku manda a ku Area 18 kapena a ku Kawale, apo ayi galimoto imakhala itanyamuka ulendo wakumudzi. M'mawa mwake eni tenti amabwera kudzazula, mipando imabwezedwa ku tchalitchi, masamba amene anaikidwa pamsewu amachotsedwa. Abale a ku Dedza ndi ku Kasungu amatsanzika chifukwa kumunda kukudikira. Lolemba namfedwa akuyenera kukaonekera ku ntchito.

Aliyense amene anaferedwapo akudziwa kuti chisoni chenicheni chimayambira pamenepa. Pa siwa mutu sugwira: ukulandira alendo, ukuwerengera ufa ndi nkhuni, ukuthamangira bokosi, ukulemba a chipepeso. Nyimbo zimene amayi a Chigwirizano ndi makwaya amayimba usiku wonse zimagwira ntchito yaikulu, pajatu maliro n'kulirana, koma ndi nyimbo za gulu komanso za masiku atatu. Miyezi yotsatirayo, pamene foni ya malemu ikadali m'dilowa ndipo nsapato zake zikadali kuseri kwa chitseko, palibe kwaya imene imabwera. Mpata umenewu ndi umene zimbale za chisoni zimalowamo, ndipo n'chifukwa chake ndimaziona kuti ndi zofunika kuposa mmene timaziwerengera.

Ndikunena chimbale chathunthu, osati nyimbo imodzi, ndipo kusiyanaku n'kwakukulu. Nyimbo imodzi ya mphindi zinayi imatha kunyamula maganizo amodzi: kulira, kapena kudzitonthoza, kapena kufunsa Mulungu. Koma chisoni sichikhala ndi nkhope imodzi. M'mawa umamusowa munthuyo, masana umamukwiyira kuti anachedweranji kupita kuchipatala, madzulo umaseka utakumbuka nthabwala yake, kenaka umadziimba mlandu kuti wasekeranji. Nyimbo khumi zotsatizana zimapereka malo ku zonsezi popanda kukakamiza kuti zigwirizane. Amene tinakula ndi makaseti tikukumbuka kuti kudumpha nyimbo kunali kudya mabatire, moti ena tinkazunguliza kaseti ndi cholembera, ndipo nthawi zambiri munthu unkangomvera mbali yonse mpaka ithe. Woyimba ankadziwa zimenezi, n'kusanja nyimbo zake moganizira kuti womvera adutsa njira yonse.

Kusanja kulira motere sikunayambe ndi situdiyo. Buku la Maliro a Yeremiya lili ndi ndakatulo zisanu zolira kuwonongedwa kwa Yerusalemu, ndipo zinayi zoyambirira zinalembedwa motsata zilembo 22 za Chiheberi kuyambira choyamba mpaka chomaliza. Wolembayo anali wosweka mtima, komabe anakhala pansi n'kuika kulira kwake m'dongosolo. Salmo 88 limayamba ndi kufuula ndipo limathera mumdima, popanda vesi lotonthoza kumapeto. Kwathu kuno amayi akhala akuyimba za imfa ya mwana, nkhanza za mwamuna ndi njala ali pamtondo, munsi ukupereka kugunda kwa nyimbo, zinthu zimene sakanatha kuzinena pabwalo. Alan Namoko, woyimba wakhungu wa ku Thyolo uja, atatulutsa "Ana Osiidwa" ndi Chimvu Jazz mu 1992 anali kupitiriza mwambo womwewo ndi banjo yake.

Chitsanzo chimene chili pafupi kwambiri ndi makutu a Amalawi mwina ndi Oliver Mtukudzi wa ku Zimbabwe, chifukwa nyimbo zake zalira m'maminibasi athu kwa zaka zambiri. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anayimba nyimbo za mu filimu ya "Neria", nkhani ya mayi wamasiye amene achibale a mwamuna wake akumulanda katundu. Amayi a kuno sanafunike womasulira Chishona kuti aimve, popeza kulanda chuma cha masiye tinali kukuona m'makomo mwathu, ndipo lamulo lathu latsopano loletsa mchitidwewu linadzabwera mu 2011. Apo Mtukudzi anali kuyimba chisoni cha ena. Mu Marichi 2010 mwana wake Sam, woyimba wa zaka 21 amene ankakwera naye pa nsanja, anafa pa ngozi ya galimoto. Chimbale chimene anachipereka kwa mwanayo, "Sarawoga", chinatuluka mu 2012, ndipo dzina lakelo likunena za munthu amene watsala yekha. Taonani mpatawo: zaka ziwiri. Bambo ameneyu anali ndi situdiyo yakeyake, ndipo ankatha kutulutsa zimbale chaka ndi chaka, koma ichi chinafuna nthawi yake.

Nkhani ya nthawiyi imasokoneza omvera ambiri. Nick Cave, woyimba wa ku Australia, anataya mwana wake Arthur wa zaka 15 mu Julaye 2015, atagwa kuphompho pafupi ndi Brighton. Chaka chotsatira anatulutsa "Skeleton Tree", ndipo anthu anamva imfa ya mwanayo mu mzere uliwonse. Komatu nyimbo zambiri za m'chimbalecho zinali zitalembedwa mwanayo asanamwalire. Chimene chinasintha ndi mawu a bamboyo pozijambula: otopa, onjenjemera, osasalazidwa. Chimbale chimene analembadi kuchokera mkati mwa imfayo ndi "Ghosteen" cha mu 2019, patapita zaka zinayi, ndipo n'chodekha, chodzaza ndi kufunafuna kumene mwanayo ali. Apa tikuphunzirapo zinthu ziwiri. Choyamba, chisoni chimamveka m'mawu a munthu chisanafike m'zolemba zake. Chachiwiri, ifenso omvera timabweretsa zathu. Tikadziwa zimene zinamuonekera woyimba, makutu athu amamva mosiyana.

Pali wina amene sanadikire. Phil Elverum, Mmereka amene amayimba ndi dzina la Mount Eerie, mkazi wake Geneviève Castrée anamwalira ndi khansa mu Julaye 2016, n'kumusiyira mwana wamkazi wamng'ono. Iye anajambula "A Crow Looked at Me" m'chipinda chomwe mkaziyo anamwaliriramo, pogwiritsa ntchito zida zoimbira za malemuyo, ndipo chinatuluka mu Marichi 2017. Nyimbo yoyamba imakana poyera kuti imfa ndi chinthu choti munthu apangire luso, kenaka imangofotokoza zimene zinachitika: patatha sabata mkaziyo atamwalira, kunafika phukusi la dzina lake, ndipo mkati mwake munali chikwama cha kusukulu chimene anagulira mwana wawo mwachinsinsi, choti adzagwiritse ntchito patsogolo akadzayamba sukulu, mayiyo akudziwa kuti iye sadzakhalapo. Mulibe mawu okuluwika, mulibe phunziro. Ndikuona kuti apa ndi pamene pagona mphamvu ya zimbale zabwino za mtunduwu. Zimatchula zinthu ndi mayina ake. Nyimbo yonena kuti "dziko lapansi ndi la mavuto" imadutsa pamwamba pa mutu, koma chikwama chija chimakukumbutsa juzi imene mayi ako anasiya asanamalize kuluka.

Kuno kwathu nkhani imene ndimabwererako kawirikawiri ndi ya Black Missionaries, chifukwa chisoni chawo sichili mu chimbale chimodzi koma mu mndandanda wonse. Evison Matafale anangotulutsa "Kuimba 1" ndi "Kuimba 2", n'kumwalira pa 27 Novembala 2001 kuno ku Lilongwe ali m'manja mwa apolisi, atamangidwa chifukwa cha makalata odzudzula boma la nthawiyo. Anali ndi zaka 32, ndipo zifukwa zimene zinaperekedwa za imfa yake sizinakhutiritse anthu ambiri. Anyamata a ku Chileka akanatha kusintha dzina n'kuyamba zina. M'malo mwake chimbale chotsatira anachitcha "Kuimba 3", Musamude Fumulani ali patsogolo. Mu 2007 Musamude nayenso anamwalira, chaka chotsatira mbale wawo Gift anatsatira, ndipo Anjiru anatenga maikolofoni, manambala n'kumapitirirabe mpaka kudutsa khumi. Nambala iliyonse yatsopano imanena kuti ntchito imene anayamba uja sinathe, ndipo imakumbutsanso kuti mwini wake kulibe. Mwezi wa Novembala anthu amakhamukira ku Chileka ku chikumbutso, kukayimba nyimbo za anthu atatu amene anagona. Amavina, fumbi koboo, ena akugwetsa misozi. Mlendo angadabwe kuti kodi awa akusangalala kapena akulira, koma ife tikudziwa kuti akuchita zonse ziwiri.

Zimenezi zikutifikitsa pa funso loti chimapangitsa nyimbo kumveka yachisoni n'chiyani. Mbali ina ndi yofanana pafupifupi kulikonse: nyimbo yachisoni imatengera mmene munthu wachisoni amayankhulira. Mawu amatsika, amayenda pang'onopang'ono, sakwera patali, ndipo chiganizo chimathera pansi. Ojambula odziwa ntchito amachepetsa zida, amayandikiza maikolofoni kuti kupuma kwa woyimba kumveke, ndipo pamene mawu athyoka sakonzapo. Mbali ina ndi ya chizolowezi cha anthu. Ku Ulaya amaphunzitsa kuti makodi a minor ndiwo achisoni, a major ndi achimwemwe, koma nyimbo zambiri za m'buku la Nyimbo za Mulungu zimene zimatiliza kumanda zili mu major. Chimatiliza ndi kukoka kwa mawu, kulumikizana kwa besi ya abambo ndi mawu a amayi, komanso kukumbuka maliro ena onse amene tinaiyimbapo nyimboyo. "Todii" ya Mtukudzi, ya mu 1999, ikufunsa kuti tichitenji ndi Edzi, koma anthu amaivina paukwati. Chisoni chovinika ndi luso lathu la kuno ku Africa, ndipo sindiona kuti ndi chisoni chochepa poyerekeza ndi cha munthu woyimba yekha ndi gitala m'chipinda.

Chisoni china chimabwera ndi mkwiyo, makamaka pamene imfayo ili ndi mwini wake. Mu Febuluwale 1977 asilikali pafupifupi 1,000 anazinga nyumba ya Fela Kuti, woyimba wa ku Nigeria, ku Lagos, n'kuitentha, ndipo mayi ake okalamba, Funmilayo Ransome-Kuti, anaponyedwa pawindo. Anamwalira chaka chotsatira. Kafukufuku wa boma ananena kuti anachita zimenezi ndi msilikali wosadziwika, ndipo Fela anatenga mawu omwewo n'kukhala dzina la chimbale cha mu 1979, "Unknown Soldier", nyimbo imodzi yotenga pafupifupi theka la ola, mmene mawu ake amathyoka akafika potchula mayi ake. Ananyamulanso bokosi la maliro kukalisiya pa chipata cha likulu la asilikali, nkhani imene anaiyimba mu "Coffin for Head of State". Ifenso tili ndi zathu. Mu ulamuliro wa chipani chimodzi munali imfa zimene anthu ankaopa kuzilira mokweza, monga ya nduna zitatu ndi phungu mmodzi amene anaphedwa ku Mwanza mu 1983. Pamene Lucius Banda anatulutsa "Son of a Poor Man" dziko likusintha, nyimbo ya "Mabala" inali kulira kumene anthu anakubisa m'mimba kwa zaka makumi atatu. Iye mwini atalawa ndende ya Zomba mu 2006, chimbale chotsatira anachitcha "Cell 51 Maximum".

Ndende yomweyo inatulutsanso chimbale chimene ndimadandaula kuti chinamveka kwambiri kunja kuposa kuno. Mu 2013 Ian Brennan, wojambula nyimbo wa ku America, ndi mkazi wake Marilena Delli anajambula akaidi ndi asilikali a ndende ku Zomba, ndipo "I Have No Everything Here" cha Zomba Prison Project chinatuluka mu 2015 n'kusankhidwa kukapikisana nawo pa mphoto za Grammy za mu 2016, koyamba kwa chimbale cha ku Malawi. Nyimbo zina n'zazifupi kwambiri, zina ndi mawu okha opanda chida. Ndi kulira kwa anthu amene sanaferedwe kokha ayi, koma ataya zaka zawo, ana awo akukula osawaona. Kumeneku n'kuferedwa kopanda siwa, kopanda chipepeso.

Ndiye pali oyimba amene amalira maliro awo omwe akadali moyo. David Bowie, woyimba wa ku England, anatulutsa "Blackstar" pa 8 Januwale 2016, tsiku lokumbukira kubadwa kwake, n'kumwalira ndi khansa patatha masiku awiri, matenda amene anawabisa kwa anthu. Koma amene amandikhudza kwambiri ndi Philly Lutaaya wa ku Uganda. Mu 1989, nthawi imene kutchula Edzi kunali kudzichotsa pakati pa anthu, iye anaima poyera n'kunena kuti ali ndi kachilombo, anajambula nyimbo ya "Alone and Frightened", n'kuyendera masukulu ndi matchalitchi thupi litatha, mpaka anamwalira mu Disembala chaka chomwecho. Amene anali mu Lilongwe m'zaka za m'ma 1990, mankhwala otalikitsa moyo asanayambe kuperekedwa ulere mu 2004, akukumbuka mmene okhoma mabokosi anachulukira m'mbali mwa misewu ya ku Mchesi ndi ku Biwi, ndiponso mmene pamaliro tinkangoti malemu "anadwala nthawi yaitali". Munthu woyimba dzina la matenda ake pa nthawi ngati imeneyo anali kutsegula pakamwa pa mabanja ambirimbiri.

Nanga n'chifukwa chiyani munthu amene ali kale ndi chisoni amafuna kumvera zachisoni? Ambiri amati n'kudzizunza, ndipo achibale amathamangira kuzimitsa wayilesi. Ofufuza awiri a ku Berlin, Liila Taruffi ndi Stefan Koelsch, anafunsa anthu 772 za nkhaniyi ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2014. Anapeza kuti chimene anthu ambiri amamva akamamvera nyimbo zachisoni si chisoni chokha, koma kukumbuka ndi kulakalaka zakale, ndipo ambiri anati zimawatonthoza ndi kuwakhazika mtima pansi. Nyimbo sikufunsa mafunso, sikuuza kuti limba mtima, sitopa nawe ukaibwereza kakhumi.

Pali maganizo ena otchuka akuti chisoni chili ndi masitepe asanu, kuyambira kukana mpaka kuvomereza. Anachokera m'buku la Elisabeth Kübler-Ross la mu 1969, ndipo iye ankanena za odwala amene akuyembekezera imfa yawo, osati anamfedwa. Kufotokoza kumene kumagwirizana ndi zimene timaona ndi kwa Margaret Stroebe ndi Henk Schut a ku Netherlands, kwa mu 1999: namfedwa amasinthasintha pakati pa kuyang'anizana ndi imfayo ndi kuyang'ana za moyo umene ukupitirira, ndipo zonse ziwiri n'zofunika. Zili ngati mayi wosenza ndowa kuchokera kumjigo wakutali, amene amatula panjira, kuwongola khosi, n'kusenzanso. Chimbale chimathandiza pamenepa chifukwa chili ndi poyambira ndi pothera. Kwa mphindi makumi anayi munthu amalowa m'chisoni chake mwadala, chikatha amadzuka kukaphikira ana.

Ndiganizira kwambiri abambo pa nkhaniyi. Pamaliro amayi amakhala m'nyumba momwe kulira n'kololedwa, abambo amakhala panja pamoto kukambirana za mayendedwe ndi ndalama. Mwamuna salira, timatero. Koma malipoti a apolisi chaka ndi chaka amaonetsa kuti ambiri mwa odzipha m'dziko muno ndi amuna. Si mwangozi kuti zimbale zambiri zimene ndatchulazi ndi za abambo olira ana awo, akazi awo, amayi awo ndi abale awo. Dalaivala amene wayika Mtukudzi n'kukhala chete kuyambira ku depoti mpaka ku Area 25 mwina ndi malo okhawo amene akulirirapo.

Komabe nyimbo si mankhwala a zonse, ndipo kwa ena imatha kukhala dzenje. Munthu amene akudwala matenda okhumudwa, amene maganizo ake amangozungulira pamalo amodzi, kumvera zachisoni kosalekeza kungamuzamitse. Chizindikiro chake n'chosavuta: kodi chimbale chikatha mtima umapepukako, kapena umalemera kuposa poyamba? Ngati papita miyezi yambiri munthu sakugona, sakudya, wasiya ntchito ndi anzake, kapena wayamba kunena zotsatira malemu, apo pafunika anthu, osati mahedifoni. Bungwe la World Health Organization linaika chisoni chokhalitsa mopitirira muyeso pa mndandanda wa matenda, ndipo kuno ku Lilongwe thandizo la uphungu limapezeka, monga ku St John of God.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi chakuti malo a chimbale akuchepa. Pitani pa kabenchi ka mnyamata wolowetsa nyimbo m'mafoni ku Area 2 kapena ku msika wa Area 23. Palibe amene amapempha chimbale. Munthu amapereka memori khadi n'kunena kuti "mundiikire zatsopano", ndipo mnyamatayo amakoka nyimbo mazana osakanikirana, yachisoni pakati pa ziwiri za amapiano, dzina la woyimba nthawi zina litasowa. Woyimba sapezapo kanthu, ndipo dongosolo limene analiganizira limatayika. Oyimba achinyamata aphunzira phunziro lake, amatulutsa imodziimodzi. Munthu wotchuka akamwalira, nyimbo zachipepeso zimakhala zili pa WhatsApp thupi lisanalowe m'manda. Tinaziona Martse atamwalira mu 2022, tinazionanso mu Juni 2024 pamene ndege inagwa ku Chikangawa n'kupha Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu, kenaka Lucius Banda n'kumwalira mwezi womwewo usanathe. Sindikuzinyoza, zambiri zinachokera pansi pa mtima. Koma ndi nyimbo za pa siwa, zolankhula mawu amene tonse timayankhula pa siwa.

Nyimbo zathu zauzimu nazonso nthawi zambiri zimafulumira kufika pa mawu a Yobu akuti Yehova anapatsa, Yehova watenga, kuiwala kuti Yobu yemweyo pa mutu 3 anatemberera tsiku limene anabadwa, ndipo anadandaula kwa mitu yambiri Mulungu asanamuyankhe. Ndikulakalaka nditamva woyimba wa kuno, amene anataya abale ndi Covid-19 mu Januwale 2021 kapena m'matope a namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, atatenga zaka zake ziwiri kapena zinayi n'kutipatsa nyimbo khumi zotchula zinthu ndi mayina ake, zokhala ndi malo a mkwiyo, a mafunso ndi a kuseka komwe.

Ndikudziwa kuti kupempha zimenezi n'kupempha chinthu chodula, ndipo sindikunena za ndalama za situdiyo zokha. Womvera amazimitsa akafuna, koma woyimba amene waika imfa ya mwana wake mu nyimbo amayenera kuiyimba Loweruka lililonse pamaso pa anthu amene agula matikiti, ena ataledzera, akukuwa kuti aibwereze. Eric Clapton, woyimba wa ku England, analemba "Tears in Heaven" pamodzi ndi Will Jennings mwana wake Conor, wa zaka zinayi, atagwa kuchokera pa nyumba yosanja ku New York mu 1991. Nyimboyo inalowa mu chimbale cha "Unplugged" cha mu 1992, chimene chinagulidwa kuposa zimbale zake zonse. Mu 2004 anasiya kuiyimba pa nsanja, ponena kuti sankamvanso ululu umene anali nawo poilemba ndipo sankafuna kudzibwezera kumeneko usiku uliwonse. Anakhala zaka pafupifupi zisanu ndi zinayi osaikhudza, n'kudzayambiranso kuiyimba mu 2013.